Tsiku limene sindinatsokomole

Ndikukumbukira khonde la kuseri kwa nyumba yathu, kumudzi kufupi ndi Ntaja. Mayi ndi bambo anamwalira ndisanayambe sukulu, choncho ndinaleredwa ndi agogo aakazi, amene ndinkawaitana kuti Anganga monga timachitira m'Chiyao. M'nyumbamo tinalimo awiri, koma wolankhula anali mmodzi. Ine ndinkangoyang'ana.

Anganga ankasuta chingambwe, fodya wakuda uja wopotedwa ngati chingwe. Ankamunyenyera pachikhatho n'kumupichira papepala, ndipo mapepala abwino pakhomo pathu anali a m'makope anga. Masamu anga a Sitandade 3 anathera mu utsi. Aphunzitsi atandifunsa kumene kwapita ntchito yanga, ndinanena zoona kuti agogo asuta, ndipo ndinakwapulidwa chifukwa cha mwano.

Kasutidwe kawo kanali ka azimayi akale. Mbali ya moto ndi imene ankailowetsa m'kamwa, kunja n'kungotsala kansonga kozizira. Ankati ukasuta motero mphepo sikubera fodya. Ankatha kupeta, kusesa, ngakhale kundikalipira pang'ono, moto uli m'kamwa.

Ndili mu Sitandade 5, chifuwa chinawagwira osawasiya. Akayamba kutsokomola, nkhuku zinkachoka pakhonde. Ine chifuwa chotero ndinkachidziwa, chifukwa mayi anayamba chonchonso. Kuchipatala adokotala anawamvetsera kumsana nawauza kuti mapapo atopa, asiye fodya ngati akufuna kudzandiona nditakula.

M'mwezi wa Ramadani, a Shehe a mumzikiti wathu anaphunzitsa azimayi kuti thupi ndi amana, chinthu chimene Allah watisungiza, ndipo tidzafunsidwa mmene tinachisamalira. Anati munthu wotha kukhala osasuta kuyambira m'bandakucha mpaka dzuwa kulowa waonetsa kale kuti angathe kusiyiratu. Anganga anaimika dzanja pamaso pa azimayi onse n'kulengeza kuti asiya. Anthu anayamikira nati Mashallah. Koma ine ndinkaona kuti kope langa la Chichewa likupitirirabe kuonda.

Chikondwerero cha Idi chitadutsa, Anganga anandipatsa udindo. Akakhala pakhonde la kuseri ndi chingambwe chawo, ine ndinkakhala pamuzu wa mango kutsogolo, maso kunjira. Ndikaona munthu ndinkayenera kutsokomola kawiri. Motero m'nyumba ya anthu awiri tonse tinasanduka odwala chifuwa.

Tsiku lina masana ndinaona mkanjo woyera ukubwera panjinga. Anali a Shehe, ndipo njinga yawo inalibe belu. Ndinakoka mpweya kuti nditsokomole. Nthawi yomweyo kuseri kunamveka chifuwa chenicheni, chotalika chija, chothera m'kalikhweru. Ndinatseka pakamwa. A Shehe atafika ndinagwada, ndinayankha moni motsitsa mawu, n'kuwalozera kuseri.

Anganga anangodzidzimukira tayala la njinga latulukira pakona. Mpata wotaya fodya panalibe. Anakokera chingambwe chonse m'kamwa n'kutseka milomo.

“Asalamu alaikumu, Abiti Jafali,” anatero a Shehe.

Kwathu ngakhale mwana amadziwa kuti salamu ukapatsidwa uyenera kuyankha ndi mawu. Anganga anagwedeza mutu mwaulemu waukulu. A Shehe anabwereza mokweza, poganiza kuti makutu ayamba kuvuta. Anganga anaika dzanja pachifuwa, misozi ikulengeza m'maso.

“Patuma, agogo akowa akudwala dzino?”

“Iyayi,” ndinayankha.

Pamenepo utsi unayamba kutuluka m'mphuno mwawo, mizere iwiri yowongoka bwino, ngati uvuni wa njerwa woyatsidwa kumene. A Shehe anaimika njinga pakhoma, nakhala pachitsa, nakonza mkanjo wawo.

“Musafulumire, mayi. Nthawi ya swala, pemphero la madzulo, ikadali kutali. Ndidikira.”

Anganga analimbikira ndithu, ndiyenera kuwayamikira. Kenako chifuwa chinaphulika, chingambwe chinauluka n'kukagwa pafupi ndi nkhwaira za a Shehe. Tambala wathu anachithamangira, anachijompha, n'kuchilavula mokwiya.

“Wa alaikumu salamu,” anatero Anganga, mawu atasasa.

A Shehe anaseka mpaka kachipewa kawo ka kofiya kugwa. Sanawakalipire. Atapukuta misozi anati, “Mwavutika kubisira ine, munthu wongodutsa panjinga. Amene anakusungizani mapapowo amaona ndi kuseri komwe. Nanga mwanayu mukufuna kumusiyira ndani?” Anatulutsa mswachi watsopano m'thumba, kamtengo kotsukira mano kaja, nati pakamwa pozolowera kugwira kanthu sipafunika kupasiya popanda ntchito.

Atapita, Anganga anatembenukira kwa ine.

“Iwe Patuma, sunawaone?”

“Ndinawaona.”

“Ndiye chifuwa chako chinapita kuti?”

“Chanu chinakwanira, Anganga. Chikumveka ngati cha amayi.”

Anganga analowa m'nyumba, anatulutsa kachitini kamene ankasungiramo fodya, n'kundipatsa kuti ndikakhuthulire fodyayo m'chimbudzi. Ananditsatira mpaka pakhomo pake, mwina kuti atsanzike.

Masabata otsatira anali ovuta. Lilime linali litapsa, moti masiku atatu ankangomwa phala lozizira. Mswachi wa a Shehe anautafuna mpaka kusanduka katsache. Anakangana ndi mbuzi, ndi mtondo, ndi mvula. Kawiri konse ndinawapeza akununkhiza chitini chopanda kanthu chija, koma sanabwererenso. Chifuwa chinatsika pang'onopang'ono, ndipo nkhuku zinabwerera pakhonde.

Lero ndikafika pa Ntaja sindionanso gogo woyenda ndi moto m'kamwa. Amene akusuta ndi anyamata, poyera, opanda wowayang'anira njira, ndipo chenjezo lalembedwa pa paketi pomwepo. Makope a ana anga amatha chaka ali ndi mapepala onse.

Anganga anakhala ndi moyo mpaka kubereka kumsana mwana wanga woyamba. Atamwalira, tikulongosola katundu wawo, ndinapeza chitini chija pansi pa zitenje. Mkati munali pepala limodzi la m'kope langa, lodulidwa kale bwinobwino kukonzekera kupichira, koma losasutidwa. Ndinalifunyulula mosamala. Anali masamu asanu, ndipo onse ndinali nditalakwa.