Anyezi wopserera wa ku Tipton

Moni nonse, tamvani zomwe taona lero!

Titaweruka ku tchalitchi tinapita ku Tipton kwa Montse, nesi mnzanga wa ku Catalonia, amene anatiitanira chakudya cha kwawo. Ine ndimayembekezera nyama. Tinamupeza kuseri kwa nyumba akuwotcha anyezi wamtali ngati nzimbe zanthete, mpaka kuda bii, n'kumukulunga m'nyuzipepala.

Bambo a Tadala anandinong'oneza kuti, "Mayi, ndiwozi zapserera. Timuuze kapena tingopirira?"

Kani ndi mmene amadyera! Umasenda chakudacho ndi zala, kuviika mu supu wa tomato ndi mtedza, kenako kuyang'ana kumwamba n'kutsitsira m'kamwa. Kutsekemera kwake, abale! Odandaula aja anadya mpaka shati yoyera ya ku tchalitchi inathera pomwepo.

Ndiye Montse akuti mu August tipite naye kwawo, tikaone anthu akukwerana pamapewa mpaka kutalika ngati nyumba yosanja. Tadala wayamba kale, "Mum, please!"

Vuto ndi lakuti leave yanga ndi imodzi, ndipo ndinawalonjeza Amayi kuti August ndili ku Dedza. Achimwene, Anti, mukuti bwanji? Amayi musawauze kaye, ndiwaimbira ndekha.