Soya Wosakazinga

Ndikukumbukira chaka chimene mlongo wanga Esinta anatupa miyendo. Ndinali mu Sitandade 3, kwathu kufupi ndi Golomoti. Chimanga chinapserera m'munda. Tinkagonera gaga.

Esinta anali atangosiya kuyamwa. Tsitsi linafiira, masaya anafufuma. Ukadina chala pamwendo, dzenje linkatsala. Sankalira. Ankangotiyang'ana.

Akuluakulu anati ndi tsempho, nthenda yogwira mwana kholo likayenda njira zosayenera. Maso onse anali pa bambo, poti ankagona ku Mtakataka akapita kukagula usipa wogulitsa. Bambo anakana. Palibe anawakhulupirira.

Kuchipatala anauza amayi kuti mwana akusowa chakudya chomanga thupi, akamuphikire phala la soya. Mzere unali wautali, amayi sanafunse zambiri. Soya tinali naye, wosungira mbewu. Tinkalima wogulitsa basi, kudya sitinkadya.

Amayi anamusinja wamuwisi monga chimanga, ine ndikusefa. Phalalo linkanunkha ngati nyemba zoviikidwa m'madzi. Esinta analavula, amayi anamukakamiza. Kutacha anayamba kutsegula m'mimba.

"Ndinanena ine," anatero bambo. "Izi n'za nkhuku. Akutinso mwana akadya, akakula sabereka."

"Akule kaye," anayankha amayi.

Koma kutsegula kuja kutapitirira, nawonso anachita mantha. Ufa wonse unapita kukhola la nkhumba. Tinabwerera ku gaga ndi mankhwala azitsamba. Esinta anamwalira mvula isanathe.

Azakhali, mlongo wa bambo, anabwera kumaliro kuchokera ku Bwanje, ndipo anatsalira masiku angapo. Iwo ndiwo anaona kuti mng'ono wanga Yohane wayambanso kutupa mapazi. Amayi anawafotokozera zonse, za phala lija.

"Mlamu, munakazinga?"

"Kukazinga chiyani?"

Azakhali anakhala pansi, dzanja pakamwa. Kenako anandiitana.

"Iwe, sonkha moto. Bwera ndi phale."

Anandipatsa mthiko. Ndinatakasa soya wotsala wa mbewu uja mpaka makoko anayamba kung'aluka, fungo lija n'kusanduka ngati la mtedza. Anapeta, anasinja, anasakaniza ndi gaga. Phala anati libwate mpaka lipse ndithu. Bambo anaima pakhomo la khitchini.

"Achemwali, mukufuna tikumbenso manda ena?"

Azakhali anatapa supuni yodzaza, n'kumeza. "Ngati ndi poizoni, muyambe kukumba anga."

Anandipatsa ine, kenako Yohane. Tsiku lonselo amayi anangokhala pafupi naye, kumugwiragwira pamimba. Sanatsegule. Tinapitiriza, ndipo kukazinga inakhala ntchito yanga ndikachoka kusukulu. Mapazi anaphwa pang'onopang'ono. Lero Yohane ali ndi ana ochuluka kuposa anga.

Bambo anayamba kudya phalalo, koma sanalitchulepo dzina. Anamwalira anthu akuwanong'onabe kuti anatsempha mwana. Amayi, mpaka ukalamba wawo, soya akayamba kuthetheka paphale ankadzuka n'kupita kuseri kwa nyumba.

Ine sindine wophunzira. Chimene ndikudziwa tsopano n'chakuti soya ndi chakudya, koma wamuwisi amavuta m'mimba, makamaka mwa mwana wofooka kale. Chinthu chachilendo ndimafunsa kaphikidwe kake ndisanachitamande kapena kuchinyoza. Esinta sanafe ndi tsempho. Anafa ndi njala m'nyumba momwe munali chakudya, nkhuni ndi phale.