Chikhatho cha Bambo pa Khonde la ku Kanengo

Tinanyamuka ku Chinsapo dzuwa lisanayambe kuswa mtengo, ine ndi mayi anga. Ndinali nditamva pa wailesi kuti boma lapereka nyumba zakale za njanji m'manja mwa makhonsolo, ndipo ina ya ku Kanengo ayamba kale kuikonza kuti mukhale maofesi. Nditawauza mayi, anangotulutsa chitenje chawo cha kutchalitchi n'kuyamba kuchisita.

Bambo anga anali mmisiri womanga, mmodzi wa omwe anamanga nyumbayo njanji ikungofika kumene ku Lilongwe. Tsiku lothira simenti pakhonde, iwo anadinda chikhatho chawo pakona simenti ikadali yaiwisi. Manda awo kwathu ku Nsanje anakokoloka ndi madzi. Chikhathocho ndicho chokha chinatsala chosonyeza kuti munthuyo anakhalako.

Minibasi ya m'tauni inatidya K40 aliyense, n'kutipanikiza anayi pampando.

"Agogo, tafinyikani pang'ono!" anakuwa kondakitala.

"Mwananga, ndatsala mafupa okhaokha," anatero mayi. "Ndichotse liti?"

Minibasi yonse inafa ndi phwete, koma munthu wachinayiyo anakhalabe ndithu.

Pa depoti tinagula chinangwa chophika n'kukwera ina ya ku Kanengo, ya K60. Pambali panga panakhala bambo wina wa jekete, wa ku Area 25. Atamva za ulendo wathu anapukusa mutu.

"Zimenezo ndi zija akuti mphamvu ku anthu," anatero. "Boma latopa ndi malata odontha, ndiye latiponyera ife."

Kanengo anatilandira ndi fungo la fodya, malole a mabelo atandanda m'mbali mwa msewu. A kabaza anatizungulira ngati ntchentche pa mango, koma mayi anakanitsitsa. Anati anabwera ku Lilongwe pa sitima, sangakafere pa njinga. Choncho tinatsata njanji wapansi, tikupuma paliponse pamene tapeza mthunzi.

Tinafika dzuwa lili paliwombo. Nyumbayo inali mbee ndi laimu, amisiri ali yakaliyakali ndi mawilibala. Nditaona kuti theka la khonde alikuta kale ndi simenti yatsopano, ndinachita mantha kuti tachedwa.

Ndinapita kwa kapitawo wawo, bambo wamfupi wa chipewa chachikasu, n'kumufotokozera.

"Mayi, mawa kukubwera akuluakulu kudzapatsirana makiyi," anatero. "Kwanu kukamabwera alendo simuzira nyumba? Ifenso tikuzira basi. Zakalezi zingatichititse manyazi."

Ankanena zoona, pakuti nanenso alendo akamabwera ndimazira mpaka kuseri kwa chitseko. Koma mayi analibe nthawi ya milandu. Anatidutsa, n'kulunjika pakona ya kummawa pomwe simenti inali isanafike. Anakankha thumba lopanda kanthu lomwe linali pamenepo n'kupukuta fumbi ndi dzanja.

Chinalipo. Zala zonse zinkaoneka, ngakhale kachala kaja kodukira pamfundo kamene kanaphwanyidwa ndi njerwa. Misozi inanditsika osandipempha. Mayi anasanjika dzanja lawo m'chikhathomo, kenako anayala chitenje pambali pake n'kukhala pansi, miyendo tantha!

"Agogo, tadzukani, simenti ikuuma," anatero kapitawo.

"Iume."

"Nyumbayi si ya boma lero, ndi ya khonsolo. Ine ndangotumidwa."

"Khonsoloyo ndi ya yani?"

Kapitawo anakanda m'mutu. "Ndi ya anthu a mumzinda muno."

"Ndiye mwini wake wafika. Ine ndinakhala mumzinda muno inu musanabadwe."

Amisiri anaimika mawilibala. Ndani angayerekeze kunyamula nkhalamba yoti yakhala pansi? Ine ndinakhala pambali pa mayi, ndipo ndinali nditatsimikiza kuti akuluakulu a mawawo adzatipeza pomwepo ngati kutero n'kofunika. Tinatulutsa chinangwa chathu n'kuyamba kudya.

Kapitawo anazungulirazungulira, kenako ananjuta n'kuyesa dzanja lake m'chikhathomo. Linachepa.

"Analitu ndi dzanja bambowa," anatero motsitsa mawu. Anaitanitsa timatabwa n'kutchinga malowo mbali zonse, ndipo anawauza anzake kuti simenti idutse m'mbali. Mayi sanadzuke mpaka ataona ndi maso awo kuti yadutsadi.

Pobwerera ndinkalingalira mawu a bambo wa jekete uja. Mwina boma linatiponyeradi, koma choponyedwa chimafuna wochiwakha. Chinthu akati n'cha anthu, pamafunika munthu wina alipire minibasi, apite akakhale pansi pamenepo.

Tinafika ku Chinsapo madzulo, fumbi lili mbuu mpaka m'nsidze. Ndinawatengera mayi madzi m'beseni kuti asambe m'manja. Anasamba lamanzere lokha, lamanja n'kulifumbata pachifuwa.

"Ili lisiye kaye," anatero. "Lero ndagwirana chanza ndi bambo ako."