Mlamba wa Bambo Anga

Bambo anga ndi telala. Zaka makumi atatu akhala pakhonde la sitolo yomweyo, tepi m'khosi, choko kukhutu, phazi pa mashini. Samwa, sasuta, za mpira sazidziwa. Chawo chinali chimodzi: Loweruka lililonse masana ankavindikira mashini, kumangirira ndodo ya mbedza panjinga, n'kutsanzika kuti, "Ndikaone mlamba wanga." Madzulo ankabwera ndi milamba iwiri kapena itatu, yong'amba kale, yothira mchere.

Chaka chino mawondo awakana. Njinga yakhala kuseli kwa chitseko miyezi inayi, ndipo munthu uja anayamba kufota tikuona. Ine zinandiwawa. Nditapeza tchuthi ndinatenga galimoto ya amuna anga n'kupita kwathu.

"Bambo, mawa tikawedze. Musankhe nokha malo, koma pafupi, tibwere tsiku lomwelo. Kudamu?"

"Kuli udzudzu."

"Pamlatho?"

"Madzi anaphwa."

"Iii, bambo inu! Nanga kumalo kwanu kuja?"

Ndinkayesa adumpha ndi chimwemwe. Ayi ndithu, anangoyang'ana pansi. Kenako anati, "Kumeneko. Koma amayi ako apite nawo."

Amayi anang'ung'udza kuti iwo akatani kumatope, koma m'mawa anali oyamba kukwera. Pokweza katundu ndinamasula nsalu yokulungira ndodo ija. Abale inu! Chingwe chinali chofumbwa, ndipo kunsonga kunalibe mbedza.

"Bambo, mbedza ili kuti?"

"Tiye, tachedwa."

Tinadutsa njira ya kudamu. Tinawoloka mlatho. Atandiuza kuti ndikhotere kumtunda, mtsinje n'kuusiya kumbuyo, ndinayamba kukayikira. Ndinene zoona, ndinaganiza za mkazi wachiwiri, ndipo ndinali nditakonzeka kale kumutukwana.

"Ima apa."

Kanali kanyumba ka malata, ka chipinda chimodzi, gwafa pabwalo. Pakhonde panakhala mayi wokalamba, maso oyera osaona, atavala diresi la kolala yozungulira. Kolala imeneyo ndingaidziwe paliponse, ndi kasokedwe ka bambo. Koma chimene chinandiumitsa thupi ndi nkhope. Inali nkhope ya amayi anga.

Amayi ali ndi mkulu wawo, ndipo anali ameneyu. Anakangana pa maliro a agogo chifukwa cha nyumba, ine ndili ndi zaka zisanu ndi ziwiri, ndipo amayi analumbira pamaso pa anthu kuti sadzamupondera pakhomo, dzina lake lisadzatchulidwenso m'nyumba mwathu. Ine ndinakula ndikuyesa kuti anamwalira kalekale.

Bambo analankhula osatembenuka. "Ine mbedza sindinaponyepo chibadwire. Nyongolotsi ndimaziopa. Nsomba ankandipatsa ndi msodzi wa nyumba iyo, alamu n'kuzing'amba mopapasa. Ndinkabwera kudzawatungira madzi, kuwasiyanitsira mankhwala, kukhoma pomwe pagwa. Miyezi inayi tsopano sindinafike. Mawondo atha awa. Pafunika wina azibwera."

"Zaka zonsezi mukutinamiza?" ndinakuwa. "Inu, bambo, amene munkandikwapula chifukwa cha bodza la shuga?"

"Sindinaname kwambiri, mwanawe. Mlamba, mlamu, zimangosiyana kumapeto."

Ndinafuna kuseka, ndinafuna kulira, zonse zinakanika. Ndinayang'ana amayi pagalasi. Chikwama anali atachigwira pamiyendo. Amayi anga ndimawadziwa, akalumbira alumbira. Ndinaopa kuti anena kuti nditembenuze galimoto, mayi wosaonayo atsale yekha, bambo akafotere kunyumba.

Pakhonde paja mawu anamveka. "Alamu, ndinu? Lero mwabwera pa galimoto? Muli ndi ndani?"

Bambo thukuta linali kamukamu.

"Inu mumandiyesa chitsiru eti?" anatero amayi kwa bambo, motsitsa mawu. "Mlamba wong'amba kumsana, mutu osadula, mchere mpaka m'makha. Ankang'amba choncho ndi amayi athu, ndipo anaphunzira ndi munthu mmodzi yekha. Ndinadziwa Loweruka loyamba lomwe."

Bambo anatembenuka, kukamwa kuli yasa.

"Munkadziwa? Nanga osanena bwanji?"

"Ndikananena, ndikanayenera kukuletsani. Ndinalumbira paja." Anapukuta m'maso ndi kumbuyo kwa dzanja. "Mukuganiza kuti Loweruka ndinkakuikirani chakudya cha anthu awiri chifukwa mumadya kwambiri?"

Analimbana ndi chitseko cha galimoto mpaka ndinachita kuwatsegulira. Anayenda pang'onopang'ono, n'kuima pansi pa gwafa. Mayi uja anapendeketsa mutu, akumvetsera mapazi.

"Ndani?"

"Ndine, achemwali," anatero amayi. "Mchere mumachulutsa."