Njinga ya Bambo ku Chipata

Fungo la makoko a mtedza akamapsa limandibwezera kwathu ku Namitete, chaka chimene ndinali mu Sitandade 5. Chaka chimenecho kunazizira modabwitsa. Tinkadzuka milomo itang'ambika, miyendo ili mbuu ngati taipaka phulusa. Kuseri kwa nkhokwe amayi ankaunjika makoko a mtedza, ndipo ine ndi ang'ono anga tinkawayatsa m'mamawa n'kunjuta mozungulira, utsi wake ukutilowa m'maso ndi m'zovala. Zigafa za fodya zinali zitatsala zopanda kanthu, mphepo ikungodutsamo. Kumsewu waukulu tinkamva malole akubangula polowera ku Mchinji. Iliyonse ikadutsa ndinkatukula mutu, poti bambo anga anali dalaivala wa lole ku Zambia.

Anachoka ndili wamng'ono, fodya atatikanika, ndipo anakapeza ntchito kwa munthu wina wa bizinesi ku Chipata. Ankabwera pa Khirisimasi ndi shuga, sopo ndi nsapato zathu. Ine ndinkawapanikiza ndi mafunso: lole yawo ili ndi matayala angati, amagona kuti akakhala pa ulendo, kodi hutala yake imalira bwanji. Kusukulu panalibe amene sankadziwa za lole ya bambo anga. Anzanga ambiri anali ana a alimi ngati ife, ena ana a matenanti a ku maesiteti, koma wokhala ndi kholo kunja kwa dziko ndinali ine ndekha.

Tsono amayi atanena kuti pa tchuthi cha m'nyengo yozizira ine ndi iwo tikaona bambo, ndinalengeza paliponse, ku mjigo, ku chigayo, ngakhale pakhomo la tchalitchi. Faida, mnzanga amene tinkakhala desiki imodzi, ndinamulonjeza kuti ndikakwera kutsogolo kwa lole ndipo ndidzamufotokozera mmene anthu amaonekera ukakhala pamwamba.

Tinakwera minibasi mpaka ku Mchinji, kenako kagalimoto kodzaza mpaka pamalire. Titawoloka ndinkayembekezera kuona dziko lina, koma dothi linali lofiira lomwelija, mitengo ya mango yomweyija, mapesi a chimanga ataunjikidwa m'minda ngati kwathu. Tinafikira kwa msuweni wa amayi, amene ankakhala m'kanyumba ka malata kumapeto kwa tauni. Bambo anabwera dzuwa likupendeka, wapansi, ataonda kuposa mmene ndinawaonera komaliza. Anandinyamula ngati kamwana n'kunena kuti mawa tsiku lonse ndi langa, akandionetsa Chipata yense. Amayi anangowerama, akusankha nyemba m'lichero.

Kunacha ndi nkhungu ndi kamvula ka mawawa. Ndinavala diresi langa la kutchalitchi, la manja aafupi, ndipo juzi ndinaikana chifukwa inali yobooka m'zigongono. Ndinaima panja, makutu ali tcheru kudikira kulira kwa injini. Chimene ndinamva ndi belu.

Bambo anakhotera pakhomopo pa njinga yakuda. Kumbuyo kwake kunali mpando wa siponji wokutidwa ndi chikopa chofiira, tizitsulo topondapo mapazi, ndi kachikwangwani ka nambala. Sindinafunike kuuzidwa. Njinga zoterozo zinkaima pansi pa mtengo pa siteji ya kwathu, eni ake akulimbirana anthu otsika minibasi. Inali njinga ya kabaza.

"Lole ili kuti, bambo?"

"Kwera, Elube. Tikambirana m'njira."

Atandiona ndikunjenjemera anavula jekete yawo n'kundiveka. Inkandifika m'mawondo ndipo inkanunkha thukuta ndi girisi. Iwo anatsala ndi shati yokha. Titayenda pang'ono, osacheuka n'komwe, anati mwini lole uja anaigulitsa kalekale, ndipo kuyambira pamenepo ntchito yawo ndi imeneyi. Ine ndinangoyang'ana msana wawo, mmene mapewa ankakwerera ndi kutsika.

Mphepo inkaluma makutu ndi zala. Madzi a m'msewu ankandiwazikira m'miyendo galimoto ikatidutsa. Pamphambano ina panali gulu la a kabaza atazungulira kamoto ka makatoni, ndipo atationa anayamba kukuwa, "Malawi! Malawi! Lero wanyamula abwana!" Ndinadziwa kuti kumeneko bambo anga alibe dzina, amangowaitana ndi dzina la dziko. Bambo anaseka, naliza belu, n'kufuula kuti uyu ndiye woyamba kubadwa. Ine ndinabisa nkhope m'kolala ya jekete.

Anafuna kuti tikwere phiri lina la m'mbali mwa tauni. Anati ukafika pamwamba umaona misika yonse, mizikiti, matchalitchi, mpaka mapiri a kwathu. Njira itakula chitunda anatsika n'kumakankha njingayo ine ndili pompo, mpweya wawo ukutuluka ngati utsi. Titafika pamwamba sitinaone chilichonse. Nkhungu inali itaphimba zonse, tinkangoona udzu wonyowa pamapazi pathu ndi mbuzi imodzi yomangidwa pachitsa. Bambo anatambasulabe dzanja n'kumaloza m'nkhungumo: uko kuli msika, uko kuli depoti, uko ndi kwathu. Ndinkangogwedeza mutu, mano akugundana.

Potsika anaima pa golosale n'kundigulira ayisikilimu, poti pa Khirisimasi ndinawauza kuti sindinalawepo. Anali atasunga mawuwo. Ndinamudya nditaima pakhonde la golosaleyo, madzi akudontha padenga, kuzizira kukundilasa m'mano mpaka m'mutu. Anandifunsa ngati akukoma. Ndinavomera, n'kumumaliza yense, misozi ili m'maso.

Chachikulu chinachitikira ku msika wa nsalu. Tikudutsa pang'onopang'ono m'chikhamu cha anthu, mayi wina wa chimtolo pamutu anakuwa kuti, "Kabaza!" Bambo, mwachizolowezi, anamanga mabuleki n'kucheuka. Anali amayi a Faida. Ankapita ku Chipata kawirikawiri kukapikula zitenje zodzagulitsa pa msika wa kwathu, koma ine zimenezo zinali zisanandibwerepo m'mutu.

"Aa! Abambo a Elube, kodi ndi inu?" anatero. Maso awo anayenda kuchokera pa nkhope ya bambo, kupita pa mpando wofiira, kudzathera pa ine ndi chijekete changa. "Lole ija ndi imeneyi, eti?"

Ananena moseka, mwina popanda n'choipa chomwe mumtima. Bambo anavula kapusi, anaseka nawo, n'kuyamba kufunsa za kumudzi: odwala, maliro, mmene mtedza wachitira. Kenako ananditsitsa, anamangirira mtolo wa zitenje pampando paja, n'kuukankha mpaka kokwerera magalimoto a kumalire. Ine ndinkatsatira pambuyo limodzi ndi amayi a Faida, amene ankandifunsa ngati Zambia ndikumukonda. Kunja kunali chisanu koma nkhope yanga inkatentha. Mayiwo atafuna kuwalipira, bambo anakana, amvekere wakwathu salipira.

Pobwerera sindinawagwire m'chiuno, ndinagwira zitsulo za pansi pa chishalo. Anandifunsa ngati ndazizidwa, ndinati ayi. Titafika ndinauza amayi kuti mutu ukundipweteka n'kukadzifunditsa bulangete. Ndinamva bambo ndi amayi akuyankhulana chapansipansi pakhonde, kenako tcheni cha njinga chikulira, chikunka kutali. Masiku otsala a tchuthicho bambo ankabwera madzulo aliwonse ndi nthochi kapena mbatata yootcha, ndipo ndinkalandira ndi manja awiri, maso ali pansi.

Nkhani inatitsogolera ku Namitete. Sukulu itatsegulidwa, ndikamadutsa anyamata ankaliza belu ndi pakamwa, wina akupalasa m'malere. Zinatha patapita milungu ingapo, atapeza wina womuseka. Faida sanandiseke. Sanandifunsenso chilichonse za ulendowo, ndipo kukhala chete kwakeko kunandipweteka kuposa mabelu aja.

Ndili wamkulu kale, bambo atabwerera kumudzi mawondo atawatha, amayi anandiuza kuti amene anapempha ulendo uja anali bambo. Anati m'mawa wa tsikulo, ine ndisanadzuke, amayiwo anapita kukachonderera bambo kuti njingayo aisiye, tikayende wapansi, mwana asadziwe. Bambo anakana. Anati atopa ndi kubwera pa Khirisimasi n'kumawerengera mwana wawo matayala a lole imene kulibe.

Pa nthawiyo ndinkaganiza kuti manyazi a tsiku lija anali anga ndekha, ndipo bambo ankaseka chifukwa sankamva kanthu. Lero ndapitirira msinkhu umene iwo anali nawo, ndipo kuseka kwa mtundu umenewo ndikukudziwa, ndakusekapo inenso pamaso pa ana anga. Ndikaganiza bwino, pafupifupi tsiku lonselo ndinali kumbuyo kwawo. Ndinaona shati yonyowa itamatirira pamsana, ndi khosi lawo likuchita tsembwe ndi mphepo. Mmene nkhope yawo inkaonekera akamapalasa, sindikudziwa.