Besi Yofiira ya Lionel Tasker

Ku Grimsby kuno ukafunsa za Lionel Tasker, palibe amene angakuuze kuti munthuyu anayendetsa chigalimoto chonyamula mabokosi a nsomba padoko zaka makumi atatu osagwetsa bokosi ndi limodzi lomwe. Zimenezo anaiwala kalekale. Amangoti, "Oo, uja wa gitala yosatha kukonza uja?" kenako n'kusekera kumbali. Anthu a kuno ndi otero. Chabwino chako amachikwirira tsiku lomwelo, koma chokuchititsa manyazi amachisunga bwinobwino ngati chithunzi cha ukwati.

Gitalayo inali ya besi, ya nsambo zinayi zonenepa zija zolira pansipansi, zimene m'bandi palibe amazimva mpaka zitasiya kulira. Anamugulira ndi mkazi wake Glenys, chaka chimene Lionel anakwanitsa zaka makumi anayi. Glenys ankasenda nsomba kufakitale, manja ake ozizira chaka chonse, ndipo ankadziwa kuti mwamuna wake ali mnyamata ankaimba besi yobwereka. Analowa m'sitolo ya zoimbira, n'kuloza yotchipa kuposa zonse, yofiira psuu, yopanda dzina loti munthu n'kulitchula pagulu. Anabwera nayo pabasi ataikulunga m'bulangete.

Mchimwene wake wa Glenys, Clive Drewery, anali ndi bandi yoimba Loweruka lililonse kukalabu ya anthu a padoko. Clive anali woimba wa mawu abwino ndi pakamwa poipa, ndipo chipewa chake sankavula ngakhale pamaliro. Woimba besi wawo atachoka, anamutenga Lionel. Lionel anaimba Maloweruka atatu okha. Vuto linali loti besi yofiirayo ikalumikizidwa kusipika inkachita kaphokoso kosalekeza, nyimbo ikatha iyo n'kumapitirizabe kung'ung'udza yokha.

Loweruka lachitatu Clive anatembenuka, maikolofoni ili pakamwa, kalabu itadzaza.

"Alamu, mwabwera ndi filiji kodi? Mutisungireko mowa mmenemo."

Anthu anafa nacho chiseko. Clive ataona kuti zakoma anawonjezera.

"Izi si gitala izi, abale anga. Ndi nkhuni zopaka penti."

Lolemba lake malo a Lionel anapatsidwa kwa Bernadette, mphunzitsi wa nyimbo amene anali ndi besi yodula ya ku America. Lionel analumbira pamaso pa mkazi wake, tiyi akuzizira patebulo, kuti adzabwerera kukalabuko ndi gitala yomweyi, ndipo Clive adzavula chipewa chija anthu onse akuona. Glenys anangoti, "Bwanji osangopita nayo kwa okonza aione?" Lionel anakana. Munthu wodziwa injini ngati iye sakanapita kukafunsa mwamuna mnzake za kawaya. Safunsa anadya phula, koma Lionel akanamva mwambiwu akanayamba wautsutsa.

Anayambira pa timaginito tija timagwira mawu pansi pa nsambo. Anaitanitsa tatsopano, todula kuposa gitala yonseyo, nazula mawaya onse akale n'kuwotcherera ena. Phokoso la filiji lija linatha mwezi woyamba womwewo, ndipo akanakhala wina akanabwerera kwa Clive pompo. Koma khutu la Lionel linali litatseguka. Tsopano ankamva kuti nsambo yachitatu ikufa msanga, choncho anasintha chitsulo chomangirira nsambo kumunsi n'kuikapo cholemera. Cholemeracho chinaulula kuti zokungira nsambo za kumutu n'zofooka. Zokungirazo atasintha, khosi la gitala linayamba kumuonekera lopindika pang'ono, mwina ndi mphepo ya kunyanja. Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

M'kashedi kake kuseri kwa nyumba munali benchi, nyale, kachitsulo kowotcherera mawaya ndi fungo la vanishi. Ankaweruka padoko, kudya nsomba ndi tchipisi chiimirire, n'kulowa mmenemo. Amanga gitala, ailumikiza, akhudza nsambo imodzi n'kupendeketsa mutu kumvetsera mpaka mawu atazimiririka. Kenako n'kutenganso sikuludiraiva. Nyimbo yathunthu sankaimba ayi. Ankati adzaimba ikadzatha.

Anthu a ntchito imeneyi ali ndi lamulo lawo: chimene wachotsa pagitala sutaya. Lionel anali ndi bokosi lalikulu pansi pa benchi, ndipo chilichonse chimene wazula ankachikulunga m'nyuzipepala, kulembapo tsiku, n'kuchigoneka mmenemo. Glenys akabwera ndi tiyi ankaona mphatso yake ikutsikira m'bokosimo chiwalochiwalo. Sanadandaule za maginito. Sanadandaule za khosi. Tchuthi cha ku Scarborough chinalephereka zaka zitatu zotsatizana chifukwa khosi latsopano linkafuna kupalidwa ndi kupakidwa kasanu, ndipo iye anapirira.

Chaka cha khumi ndi chisanu, Lionel anaweruza kuti thabwa lofiira lija ndilo likumeza mawu. Anagula thupi lina la mtengo wabwino, loyera, losapaka penti. Glenys anamupeza akukulunga lofiiralo m'bulangete lomwe lija.

"Ndiye pamenepo changa chatsala n'chiyani?" anafunsa motero akuloza gitala yatsopanoyo.

Lionel anaiyang'ana uku ndi uku, ndipo chomvetsa chisoni n'choti funsolo analitenga ngati la ntchito. Anafufuza moona mtima. Kenako analoza kachitsulo kakang'ono kokolekapo lamba.

"Aka n'kakale aka. Koma nakonso kakugwedera."

Glenys anaika tiyi pabenchi n'kutuluka. Chisanu chisanathe anasamukira ku Cleethorpes, m'kanyumba kapafupi ndi Clive. Anatenga masutikesi awiri ndi bokosi lija, nati zinthuzo anagula ndi iye. Lionel anamva kuwawa, osanama ayi, anakhala sabata yathunthu osalowa m'shedi. Koma anadzitonthoza kuti mkazi amene wathawa ndi bokosi la zinyalala adzamvetsa zonse tsiku limene Clive adzavule chipewa. Mlandu wonse anaukankhira kwa Clive, ndipo kuyambira pamenepo gitala ija inasenza katundu wa zinthu ziwiri, mbiri yake ndi banja lake.

Zinapita zaka zina zinayi. Kenako kunamveka kuti Bernadette akusamukira ku Leeds kwa mwana wake, ndipo bandi ikufuna wa besi. Lionel anameta ndevu, napukuta gitala yake mpaka inawala, n'kukalowa kukalabu masana, nthawi imene bandi inkayeserera nyimbo. Anatsegula chikwama patebulo. Inali yokongoladi, tisamunamizire. Ngakhale Clive anaiyang'ana kanthawi ndithu.

"Ee, alamu, nkhuni zija zaphuka masamba?"

"Lumikiza umve wekha."

"Ine khutu langa ndi la nyama, alamu. Lanu ndi limene timamva mbiri yake. Amati inu mumamva ngakhale sikulu ikamasuka pang'ono."

"Gitala iyi ndimaidziwa kuposa mawu anga," anatero Lionel. "Ngakhale utandimanga m'maso, pakati pa magitala zana ndingakulozere."

Clive anakanda pansi pa chipewa.

"Zana n'zambiri, tichite zitatu. Lamulungu masana, anthu akatha kudya. Bernadette akhala kuseri kwa katani, aimba nyimbo imodzi katatu, sipika yomweyo. Besi yake yodula ija, yanuyi, ndi ina yachabechabe imene ndatola penapake. Mukaloza yanu, malo ndi anu, ndipo chipewa ichi ndivula ndithu, muone dazi langa. Mukaphonya, musadzatitopetsenso."

Anagwirana chanza. Lionel anasiya gitala yake kwa Bernadette n'kubwerera kunyumba mtima uli m'malo. Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi akudikira, ndipo mayeso ake anali osavuta chonchi!

Lamulungu kunagwa mvula ya mawawa, choncho kalabu inadzaza. Nkhani inali itafala, ndipo anthu a kuno sangaphonye mwayi woona munthu akugwa, kaya ndi Clive kaya ndi Lionel, kwa iwo n'chimodzimodzi. Anamuikira Lionel mpando pakati, moyang'anizana ndi katani yobiriwira ya pasiteji. Atacheuka anaona Glenys atakhala pafupi ndi khomo, jasi osavula, chikwama chili pamiyendo.  Anadziuza kuti wabwera kudzaona mapeto abwino.

Yoyamba inalira. Mawu osalala, aulemu, osalakwa paliponse. Lionel sanadikire n'komwe kuti nyimbo ithe.

"Ya Bernadette iyo. Ndalama zikumveka."

"Mwalasa!" Clive anakuwa, anthu n'kuwomba m'manja.

Yachiwiri inayamba. Lionel anatsinzina, napendeketsa mutu monga ankachitira m'shedi. Mawu a gitalayo anali akuthwa, owala, nsambo iliyonse payokhapayokha, koma iye anamva kuti mulibe mtima. Anakwinya nkhope. Anaona kuti mwayi wobweza chipongwe chakale wafika, ndipo sanafune kuutaya.

"Clive, iyi ndiye filiji yako yatsopano? Izi ndiye nkhuni zenizeni izi. Kaponye pamoto, mwina zingatifunditse."

Anthu anaseka, ndipo kwa nthawi yoyamba m'kalabu imeneyo ankaseka naye, osati kumuseka. Zinamukomera kwambiri. 

Yachitatu itangoyamba, Lionel anamva chinthu chikumugwira pachifuwa. Mawu onenepa, ofunda, okhala ngati akuchokera pansi pa mpando wake. Phazi lake linayamba kugunda lokha, chinthu chimene linali litaiwala. Misozi inalengeza m'maso. Zaka zonse zija, tchuthi cholephereka, nyumba yopanda munthu, zonse zinali mmenemo, ndipo anaona kuti sizinapite pachabe. Anaimirira nyimbo isanathe.

"Iyo! Yanga ndi imeneyo!" Anatembenukira kwa anthu. "Mukumva kuzama kumeneko? Ndi mtengo umenewo, mtengo weniweni, osati thabwa lopaka penti. Ndi maginito amenewo. Zimenezi sugula m'sitolo, abale, umachita kuzivutikira!"

"Mwatsimikiza, alamu?"

"Vula chipewa, Clive."

Clive anapita yekha kukakoka chingwe cha katani. Bernadette anali chikhalire pampando, nkhope yake itagwa, maso ali pansi. Pamiyendo pake panali besi yofiira psuu, ndi zokungira zake zofooka zija, ndi khosi lake lopindika lija, chilichonse chili pamalo pake monga tsiku limene inatsika basi. Kumbuyo kwake kunatsamira magitala awiri. Pa yoyera yowala ija panali kapepala kolembedwa nambala 2.

Wina kumbuyo anaphulika kuseka, ndipo chiseko chinafalikira mpaka kwa wogulitsa mowa. Mayi wina anachita kupukuta misozi ndi kansalu ka patebulo. Lionel anangoima, pakamwa pali yasa.

"Mlongo wanga anandipatsa bokosi lanu kuti ndimumangire," anatero Clive, mosakweza mawu, ndipo kufatsako kunapweteka kuposa chipongwe. "Munalemba bwino chilichonse, alamu, sindinavutike. Phokoso lija kanali kawaya kamodzi, pansi pa chitsulo cha kumunsi, kanangosomphoka. Ndinakawotcherera tiyi wanga asanazizire."

Anakonza chipewa chake pamutu n'kupita kukaitanitsa mowa.

Lionel sanamvenso chiseko chija. Maso ake anali pa besi yofiirayo, ndipo kulira kwake kuja kunali kukadali pachifuwa pake. Anaona Glenys akunyamuka, kudutsa pakati pa matebulo, kukwera siteji n'kuilandira kwa Bernadette. Glenys anatulutsa bulangete m'chikwama n'kuyamba kuikulunga mosafulumira. Lionel anamutsatira mpaka pakhomo, pamene mvula inali kudontha kuchokera padenga.

"Glenys."

Anaima.

"Inalira bwino," anatero Lionel.  "Sindinkadziwa. Ndipatse ndipite nayo kunyumba. Ngakhale sabata imodzi yokha."

Glenys anamuyang'ana nthawi yaitali. Sanaoneke wokwiya, sanaonekenso wokondwa kuti wapambana. Ankangooneka wotopa.

"Kuti mukaikonze?"

Anaikumbatira bwino kuti isanyowe n'kulunjika pokwerera basi. Lionel anaima pakhomopo mpaka wogulitsa mowa anabwera kudzamugwira paphewa, kumufunsa ngati nkhuni zake zija azitenga lero kapena aziike kuseri.