Mfuti Yomwaza Zipolopolo

Mfuti yanga ndinaigula yakale, m'kasitolo kena komwe anthu amakasiyako katundu akapanikizika, kunja kwa South Bend, mzinda womwe ndimakhala kuno kutsidya kwa nyanja. Inali ya mtundu uja womwe ukawombera kamodzi umakoka kampini kachitsulo ndi dzanja kuti chigoba cha chipolopolo chituluke, kenako n'kukankha kuti chipolopolo china chilowe. Thabwa lake linali lokalikakalika, ndipo pamwamba panali sikopu, kagalasi koyang'aniramo chandamale, kokalamba ngati mfuti yomweyo. Mapepala onse ofunika ndinali nawo, maphunziro a alenje ndinali nditamaliza. Yatsopano sindikanaikwanitsa. Amuna anga anali atamwalira chaka cham'mbuyo mwake, ndipo malipiro anga a unamwino ndiwo ankanyamula nyumba, galimoto ndi koleji ya mwana wanga wamkazi.

Nkhani ya ulenje inayamba ngati nthabwala. Mnzanga wina wa kuchipatala, mzungu wobadwira komweko, ananditengera ku famu ya bambo ake Loweruka lina kuti ndisamangokhala ndekha m'nyumba. Tinadya nyama ya gwape yootcha, ndipo dzuwa litapendeka tinaona agwape akutuluka m'nkhalango kudzadya soya wa mkuluyo, mopanda mantha. Iwo anadandaula kuti maso awo afooka, ana awo aamuna ali kutali, agwape achuluka. Ine ndinati, "Ndiye ndidzabwere ndidzakuthandizeni." Onse anaseka, nane ndinaseka. Koma pobwerera kunyumba ndinkangoganizabe za kusekako. Chimwalirireni amuna anga, aliyense ankandiuza koyenera kukhala, choyenera kugulitsa, nthawi yoyenera kusiya kulira. Ndikanena zanga, anthu ankamwetulira ngati wayankhula mwana.

Nditawaimbira foni kuti mfuti ndagula, mkulu uja sanaseke. Anati, "Mayi, pamunda panga simuwombera chamoyo mpaka nditaona ndi maso anga zipolopolo zanu zikugwera pamodzi, m'kambale ka pepala. Gwape wongovulazidwa amakafera kutali akuvutika. Zimenezo ine ayi." Ndinavomera, chifukwa ankanena zoona.

Tsiku loyamba ku renji, malo omwe anthu amaphunzirirako kuwombera, ndinabwerako mutu uli pansi. Ndinakhala pabenchi, ndinatsamiritsa mfuti pathumba la mchenga, ndinapuma monga anatiphunzitsira. Chipolopolo choyamba chinagwera m'mwamba, chachiwiri pansi chakumanzere, chachitatu sichinakhudze n'komwe pepala la chandamale. Ndinapotokola timabatani ta sikopu uku ndi uku, koma zinkangomwazika ngati chimanga choponyera nkhuku.

Ndinapita nayo kusitolo ina yaikulu ya mfuti. Bambo wa pakauntala anaitembenuza kawiri, n'kuibweza. Anati sikopu yatha, thabwa latha, mwina ndi paipi yodutsamo chipolopolo yomwe. Anatsitsa ina yonyezimira pakhoma kuti ndiigwire. Nditaibweza osafunsa mtengo, anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka ku nsapato zanga za kuchipatala.

"Mwinanso vuto si mfuti," anatero. "Imeneyi imakankha kwambiri paphewa. Amuna anu aiyesapo?"

"Amuna anga anamwalira," ndinamuyankha. "Ndipatseni bokosi limodzi la zipolopolo ndi mankhwala otsukira paipi."

Loweruka lotsatira ndinapita ku Indianapolis. Achimwene anga aakulu amakhala komweko, m'dera la Lawrence, ndi mkulu wa mpingo, ndipo mwezi uliwonse Amalawi amasonkhana kwawo kupemphera ndi kudya limodzi. Mwana wanga anali atawauza kale alamu anga za mfuti, alamu n'kuuza achimwene. Iwo sananene kanthu pa anthu. Anadikira mpaka titakwera galimoto awiriwiri kupita ku Lafayette Road kukagula ufa ndi nsomba zouma.

"Achemwali, ndamva kuti mwayamba usilikali."

"Ulenje, achimwene."

"Kwathu munaonapo mzimayi atanyamula mfuti? Mayi wamasiye, namwino, wa kwaya. Anthu azinena chiyani? Ndiponso ndamva kuti chinthucho sichilasa. Mulungu akukulankhulani pamenepo. Kaigulitseni. Musamukire kuno, pafupi ndi ife, tizikuyang'anirani."

"Sindikudwala ayi, kuti mundiyang'anire."

"Sindikukunyozani. Koma zinthu zina si za manja anu. Mfuti ilibe vuto, achemwali. Vuto ndi woigwira."

Tinafika pasitolo. Achimwene ndimawakonda. Ndi iwo amene anayendetsa maliro a amuna anga, ndi iwo amene anagona pampando kuchipatala masiku omaliza. Koma potsika galimoto ndinawauza kuti, "Ngati vuto ndi ine, ndidziwa ndekha. Ndikadziwa ndikuuzani. Koma sindiigulitsa chifukwa choti anthu anena."

Mawu awo ananditsatira msewu wonse wobwerera ku South Bend. Anthu awiri osadziwana anali atanena chinthu chimodzi, ndipo ndinkaopa kuti mwina n'zoona. Kuchipatala tikakayikira makina oyezera magazi, timayeza munthu yemweyo ndi makina ena. Ndinapempha mnzanga uja, yemwe anakulira m'mfuti, kuti tipite limodzi ku renji ndi mfuti yake. Ndinawombera yake: zipolopolo zitatu zinagwera pamodzi, malo oti n'kuphimba ndi chikhatho. Iye anawombera yanga: zinamwazika monga zinkachitira kwa ine. Anayesanso, analuma mlomo, zinamwazikanso.

"Mfuti yako ndi yamisala," anatero akuseka.

Ine sindinaseke. Ndinatenga mapepala onse awiri, ndinawajambula pafoni, koma sindinatumizire aliyense. Nthawi yake inali isanakwane.

Kuyambira pamenepo tebulo langa la kukhitchini linasanduka malo okonzerapo mfuti. Ndikaweruka masana, ndinkaitulutsa m'bokosi lake lokhoma, kuonetsetsa kuti mulibe kanthu, kuchotsa kampini kaja n'kukaika pambali, n'kuyala thaulo lakale. Ndinkawerenga zomwe ndapeza, kuonera mavidiyo, kufunsa mnzanga. Ndinadziikira lamulo limodzi: kusintha chinthu chimodzi chokha, kenako kukayesa. Zipolopolo zinali zodula, bokosi limodzi linkayenera kundifikitsa kumalipiro ena, ndiye sindikanatha kuwombera mwachisawawa.

Ndinayamba ndi masikuluwu. Awiri mwa omwe amagwira sikopu anali olefuka moti anatembenuka ndisanaike mphamvu. Ndinamasula onse, ndinapukuta mafuta akale, ndinamanganso mofanana, pang'onopang'ono, mbali iyi kenako mbali iyo. Ndinachita chimodzimodzi ndi awiri aakulu apansi omwe amalumikiza chitsulo ndi thabwa. Ndinapita ku renji ndikuyimba m'galimoto, ndikuganiza kuti nkhani yatha. Zipolopolo zinayandikirana pang'ono, zonse zinakhala papepala, koma kambale ka mkulu uja zikanakaphonya.

Kenako ndinatsuka paipi. Sindikudziwa kuti mwini wake woyamba anaitsuka liti. Tinsanza tinkatuluka takuda, kenako tobiriwira chifukwa cha mkuwa womwe zipolopolo zimasiya m'kati. Ndinathira mankhwala, kudikira, kukankha kansanza kena, mpaka nyumba yonse inanunkha ndipo ndinatsegula mawindo. Mwana wanga anabwera kuchokera ku koleji tsiku limenelo, anaima pakhomo la khitchini atagwira mphuno. Ndinamufunsa m'Chichewa ngati wadya, iye anandiyankha m'Chingerezi kuti amalume ake akuti ndasokonezeka ndi chisoni.

"Kawauze kuti chisoni ndili nacho," ndinatero, "koma mutu uli bwinobwino. Mpunga uli pa sitovu."

Kutsukako kunathandizanso pang'ono. Koma ndinayamba kuona chinthu china. Chipolopolo choyamba ndi chachiwiri zinkagwera moyandikana, kenako zotsatira zinkakwera m'mwamba chakumanja, chilichonse kupitirira chinzake. Ndikadikira kuti paipi izizire, zinkabwerera. Tsiku la chinyontho zinkagwera kwina, tsiku louma kwina. Apa ndinatsala pang'ono kugonja. Inali nyengo yotentha ikutha, mashifiti anali atachuluka, ndipo tsiku lina ndinakhala m'galimoto panja pa sitolo yaikulu ija ndikuganiza zokatenga yonyezimira ija pangongole. Ndinaona bambo wa pakauntala uja kudzera pagalasi akuseka ndi kasitomala wina. Ndinaliza galimoto n'kubwerera.

Kunyumba ndinatenga kapepala kopyapyala, ndinakalowetsa pakati pa paipi ndi thabwa, n'kukakokera kumbuyo. Ndinali nditawerenga kuti pa mfuti zambiri za mtundu uwu pepala limayenera kudutsa momasuka. Langa linayenda pang'ono n'kukakamira kumanzere, pafupi ndi nsonga ya thabwa. Nditamasula chitsulo n'kuchichotsa, ndinaona malo onyezimira pathabwa pomwe paipi inkakhuza. Thabwalo linali litapindika ndi ukalamba ndi chinyezi, ndipo linkakankha paipi mbali imodzi. Paipi ikatentha, kukankhako kunkakula.

Ndinaimbira mnzanga. Anandichenjeza kuti mfuti zina zimapangidwa dala kuti thabwa lizikhudza paipi kunsonga, ndipo ndikapala sindingabwezeretse.

"Ukaiwononga?" anafunsa.

"Ndi yanga," ndinatero. "Panopa ndi yowonongeka kale."

Ndinakulunga sandipepa pa kamtengo kozungulira komwe ndinadula ku mpini wa tsache lakale. Ndinkapala pang'ono, kubwezera chitsulo, kuyesa ndi pepala, kumasulanso. Zinanditengera masana angapo, chifukwa ndinkaopa kupyola muyeso. Zala zinatupa, fumbi la thabwa linalowa m'mphuno. Pepala litadutsa kuchokera kunsonga mpaka kumbuyo osakakamira, ndinapaka vanishi m'malo omwe ndinapalawo kuti chinyezi chisalowenso, ndinasiya kuti iume, n'kumanga zonse mosamala.

Ku renji tsiku limenelo kunali mphepo yozizira ndi anthu ochepa. Ndinawombera chimodzi, ndinadikira, china, ndinadikira, china. Nditayang'ana m'sikopu ndinaona mabowo atatu oyandikana, chakumanzere kwa pakati. Sindinakhulupirire. Ndinapotokola kabatani kuti abwere pakati, ndinawomberanso. Anabwera. Ndinakhala pabenchipo manja ali pamaondo, misozi ikutsika yokha, bambo wina wapafupi n'kundifunsa ngati ndavulala. Ndinati ayi. Pambuyo pake ndinayesa mtundu wina wa zipolopolo, wotchipa kuposa woyamba, ndipo mfutiyo inaukonda kwambiri. Sikopu yakale ija sindinaisinthe mpaka lero.

Madzulo ake ndinatumiza zithunzi zitatu kwa achimwene: pepala langa ndi mfuti ya mnzanga, pepala la mnzanga ndi mfuti yanga, ndi la tsikulo. Anandiimbira.

"Ndaona, achemwali. Ndiye kuti mwalimbikira."

"Munati vuto ndi woigwira."

"Ndinatero. Koma maganizo anga sanasinthe. Si ntchito ya mzimayi."

"Ayi, palibe kanthu, achimwene. Sindimapempha chilolezo. Ndinalonjeza kuti ndikadziwa ndikuuzani."

Mkulu wa pafamu anandiyesa yekha. Anakhomera kambale ka pepala pamtengo wouma kumapeto kwa munda, kutsogolo kwa chulu cha dothi, anabwerera pang'onopang'ono ndi ndodo yake, n'kuima kumbuyo kwanga. Nditamaliza tinayenda limodzi kukaona. Analowetsa chala m'mabowo, anachotsa kambaleko n'kundipatsa.

"Nyengo ya ulenje ikatsegulidwa mubwere m'mamawa," anatero. "Muvale zofunda. Chipewa cha olenji musaiwale, kuti alenje ena azikuonani."

Mu Novembala ndinapita kangapo osawombera kanthu. Tsiku lina gwape wamphongo anadutsa akuthamanga, ndinamusiya. Lina wamkazi anaima kuseri kwa zitsamba, ndinkangoona mutu ndi msana, ndinamusiyanso. Zala zinkachita dzanzi, mphuno ikutuluka madzi, ndipo ndinkabwerera molunjika kukagwira shifiti ya masana. Tsiku lomwe zinatheka kunali chisanu chopyapyala pansi. Gwape wamkazi wamkulu anatuluka yekha m'nkhalango, anaima cham'mbali m'munda wokololedwa, akununkhiza mphepo. Ndinapuma, ndinaika kamtanda kolozera ka m'sikopu kuseri kwa mwendo wakutsogolo, ndinakoka. Anadumpha, anathamanga pang'ono, n'kugwa m'mphepete mwa munda. Nditafika anali atatha kale.

Ndinagwada pambali pake, ndinaika dzanja pakhosi pake pomwe panali pofundabe, ndinapemphera mwachidule m'Chichewa. Sindinasangalale monga ndinkaganizira. Ndinangomva kulemera, ndi njala.

Mnzanga anabwera ndi thirakitala ya bambo ake. Anandipatsa mpeni n'kundiuza poyambira. Magazi sanandiopse, ndimawaona tsiku lililonse, koma kukweza nyamayo m'ngolo kunatigwetsa tonse awiri m'matope, ndipo tinaseka mpaka kutsokomola. Tinakafika kunyumba ya pafamu titadetsedwa mpaka m'tsitsi. Mkulu uja anali ataika kale chiwaya pamoto. Ndinapempha chiwindi, ndinachidula ndekha, ndinakazinga ndi anyezi, tomato ndi tsabola yemwe ndinkayenda naye m'chikwama. Iwo analawa, anatsokomola, maso anafiira, anamwa madzi kapu yonse, kenako anakankhira mbale yawo kwa ine kuti ndiwawonjezere.